Kathumba ka foni kolowa nako m'madzi: tikakhulupirire ku Cape Maclear?

Make Yankho: Abale mwaswera bwanji pa gulu pano? Ndili ndi funso kwa odziwa za mafoni. Pa holide ya Tsiku la Amayi, pa 15 Okutobala, ana akufuna kunditengera ku Cape Maclear. Dzulo mu Limbe ndagula timatumba tiwiri ta pulasitiki toikamo foni, tija tokhala ndi zotsekera ziwiri kumutu ndi chingwe chokoleka m'khosi. Wogulitsa akuti ndikhoza kumira nako mpaka mamita 30 ndikujambula nsomba. Papaketi alembapo IPX8. Ndi zoona zimenezi kapena wangondidyera ndalama? Foni ndili nayo ndi imodzi yomweyi, makasitomala anga onse ali momwemo.

Mlamu wa ku Bangwe: Mamita 30 alamu? Inuyo mumamira mpaka pati? kkkk

Make Yankho: Alamu musayambe. Ine madzi akangofika m'chiuno ndimayamba kupemphera. Ndikungofuna chithunzi cha nsomba za buluu zija, ndiike pa status anthu adziwe kuti nanenso ndinabereka.

Wokonza Mafoni pa Limbe: Amayi, ine ndiyankha monga munthu amene foni zikamwa madzi zimathera patebulo pake. Holide ikatha, kaya ndi Isitala kaya Khirisimasi, kumabwera anthu ochokera ku Mangochi nkhope zili zakugwa, ndipo mawu awo amakhala amodzimodzi: "koma inali m'kathumba."

Za IPX8 zili chonchi. Pambuyo pa IP pamabwera malo awiri. Oyamba amanena za fumbi, achiwiri za madzi. Pakakhala X ndiye kuti za fumbi sanayeze. 8 akutanthauza kuti chinthucho chinayesedwa chitamizidwa kupitirira mita imodzi, koma kuya kwenikweni ndi kutalika kwa nthawi amasankha ndi wopanga mwini wake. Tsono kulemba IPX8 papaketi sikuvuta, aliyense wokhala ndi makina osindikizira atha kulemba. Timatumba tabwino tilipo, sindikukana, koma pokayang'ana ndi maso kabwino ndi kachinyengo n'tofanana. Langizo langa: foni ya bizinesi isalowe m'nyanja, basi.

Wojambula wa ku Chilomoni: Bwana mukuwaopseza amayi. Inuyo muli ngati wokhoma mabokosi a maliro, mumangoona omwalira okhaokha, ndiye mumayesa aliyense wodwala sachira. Amene kathumba kawagwirira ntchito sabwera kwa inu. Ine ndimajambula maukwati, koma ndikapita kunyanja ndimalowa ndi foni m'kathumba ngati komweko, ndipo zithunzi zimatuluka zoti munthu n'kusindikiza. Nkhani ndi yakuti usakakhulupirire usanakayese.

Amayi, chitani izi lero lomwe. Tengani tishu youma, muike m'kathumba, mutseke zotsekera zonse mpaka zilire kuti kha. Mumize mu ndowa yodzaza madzi, pamwamba mutsindikize ndi mwala kuti kasayandame. Kasiyeni kwa ola lathunthu. Pakatipakati muzikafinya pang'ono kali m'madzi momwemo, muone ngati pakutuluka timathovu m'makona kapena m'mbali momwe anawotcherera pulasitiki. Potsegula muyambe mwapukuta kunja konse, ndipo kukamwa kwake kuloze pansi, apo ayi madontho a kunja agwera pa tishu n'kukanamizira kathumba kosalakwa.

Wokonza Mafoni pa Limbe: Kkkk mabokosi ndiye ayi akulu. Kuyesa ndi tishu ndikuvomereza, koma muwauzenso kuti ndowa si nyanja. Ndowa kuya kwake sikufika ndi theka la mita lomwe. Madzi amakanikiza kwambiri ukamatsika, moti pa mamita 10 mphamvu yake imakhala kawiri poyerekeza ndi ya mpweya pamtunda pano. Komanso chimene chimapha timatumba tambiri si kuya, ndi kudumpha. Mnyamata ali pa boti, foni ili m'khosi, iye thibu! Kathumba kamenya madzi mwamphamvu, chotsekera chimodzi chasuntha pang'ono, nkhani yathera pomwepo. China ndi mchenga. Kamchenga kamodzi kakatsalira pa labala wa potsekera, madzi apeza njira.

Wojambula wa ku Chilomoni: Apo pokha tagwirizana.

Achimwene a ku Namiwawa: Mavuto a anthu a timatumba awa. Yanga ndi iPhone 13, IP68, mamita 6 kwa mphindi 30. Ndimangolowa nayo chonchi.

Mlamu wa ku Bangwe: Tamuoneni bwana uyu.

Wokonza Mafoni pa Limbe: Achimwene, manambala mwatchulawo ndi oona, ndipo ma Samsung Galaxy S aposachedwa amalemba mita imodzi ndi theka kwa mphindi 30. Koma amayesa foni yatsopano, m'madzi odekha a mu labu, osati m'manja mwa munthu amene akupalasa. Eni ake a Apple amanena okha kuti musasambire nayo, kuti chitetezo chimenechi chimachepa foni ikamakalamba, komanso kuti warranty siikhudza foni yoonongeka ndi madzi. Ndiye ndikufunseni: munaigula ili m'bokosi lomata, kapena ndi zija zobwera zitagwirapo kale ntchito kunja? Inasinthidwapo sikirini kapena batire? Chifukwa chimene chimatchinga madzi ndi kazomatira kopyapyala kozungulira m'mphepete, ndipo foni ikatsegulidwa kamodzi, pokhapokha wokonzayo ataikamo katsopano koyenera, chitetezo chija chapita.

Achimwene a ku Namiwawa: Sikirini inasinthidwa chaka chatha.

Wokonza Mafoni pa Limbe: Ndiye nambala yanga muisunge.

Nangozo: Kkkkkk ndafa ine.

Make Yankho: Tonse tiwiri ndamiza mu ndowa, ndatsindikiza ndi mwala wa pa mbaula. Pamene tikudikira, ndiuzeni: ndikakhala m'madzimo ndizidina bwanji? Wogulitsa anandionetsa kuti sikirini imamva ngakhale ili mu pulasitiki.

Wojambula wa ku Chilomoni: Anakuonetsani pamtunda. M'madzi ndi nkhani ina. Sikirini ya foni imamva chala chifukwa cha kamphamvu ka magetsi ka m'thupi mwathu, ndipo madzi akakuta kathumba konse amasokoneza zimenezo. Mwina siimva n'komwe, mwina imayamba kudzidina yokha, n'kupezeka mwatsegula kalkuleta pamene nsomba zikudutsa. Chala chotsegulira foni nachonso sichigwira mu pulasitiki.

Ndiye zonse muzikonzeratu musananyowe. Chotsani kava. Pukutani galasi la kamera ndi nsalu yofewa, ndi m'kati mwa kathumba momwe. Ikani foni pa airplane mode, chifukwa pansi pa madzi netiweki siifika, foni imangotha batire poisakasaka. Sinthani nthawi yoti sikirini izime ikhale yaitali. Mu kamera onani ngati batani la voliyumu lili lojambulira, pa mafoni ambiri limakhala choncho kale, ena umachita kusankha mu settings. Limenelo ndiye batani lanu m'madzi.

Koma kwa inu amene madzi a m'chiuno mumapemphera, njira yosavuta ndi vidiyo. Yambitsani vidiyo foni ili pamwamba, muimize pang'onopang'ono, muigwire ndi manja awiri osagwedeza, muwerenge mpaka makumi awiri, muitulutse. Madzulo mukasankha pamene nsomba yaima bwino n'kutengapo chithunzi. Nsomba sizidikira munthu kuti adine.

Nangozo: Ine ndinayesapo pa Senga Bay, zonse zinatuluka zobiriwira, mbuu, ngati ndajambula m'kati mwa botolo. Nsomba ndi imodzi yomwe osaoneka. Ndinangoti ndi foni yanga yotchipa.

Wojambula wa ku Chilomoni: Asisi, foni mwina inalibe mlandu. Munajambula pamchenga pomwe anthu akusamba eti? Pamenepo mapazi amavundula mchenga, kamera imangoona fumbi la m'madzi. Komanso madzi amameza mitundu. Wofiira ndi umene umayamba kutha, ukatsika mamita ochepa chabe umakhala utazilala, kenako wa olenji ndi wachikasu, n'kutsala wobiriwira ndi wa buluu. Ndipo si kuya kokha, ngakhale mtunda wa pakati pa iwe ndi nsomba umawerengedwa. Nsomba ikakhala mamita atatu kuchokera pa kamera, mtundu wake wathera m'njira.

Mankhwala ake ndi kuyandikira. Nsomba ikhale pafupi moti mutatambasula mkono mukhoza kuikhudza. Osapanga zoom, imangokulitsa chimbuuzi. Osayatsa flash, kuwala kwake kumamenya pulasitiki ndi tizinyalala ta m'madzi, chithunzi n'kudzaza timadontho toyera. Dzuwa likhale kumsana kwanu, ndipo nthawi yabwino ndi pamene lakwera, kuyambira cha m'ma 10 koloko mpaka cha m'ma 2, chifukwa kuwala kumalowa molunjika. Chinanso, m'madzi zinthu zimaoneka zazikulu ndi zapafupi kuposa mmene zilili, ndiye pamene mukuganiza kuti mwayandikira, senderaninso.

Pulasitiki igundane ndi galasi la kamera, pasakhale khwinya. Ndipo amayi, manja odzola Vaseline kapena mafuta a dzuwa asakhudze pamenepo. Chala chimodzi chamafuta chimaononga zithunzi za tsiku lonse.

Ankolo a ku Chembe: Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Ine kwathu ndi komweko ku Chembe, mudzi wa pa Cape Maclear, ngakhale pano ndili ku Machinjiri. Mayi, nsomba mukuzifunazo ndi mbuna, ndipo pagombe la m'mudzi simukaziona zambiri. Mbuna zimakhala m'miyala, zimadya ndere za pamiyalapo. Mukwere boti mupite ku chilumba cha Thumbi, chili pafupi moti mumachiona muli pagombe, kapena ku Otter Point. Kumeneko simufunika kumira. Mukhoza kukhala pamwala, miyendo ili m'madzi, foni n'kungoimiza mpaka m'chigongono. Zimabwera zokha, za buluu, zachikasu, zamizeremizere, mpaka kumakujomphani m'miyendo.

Nyengo mwasankha bwino. Mwera umavuta miyezi yozizira, Juni, Julayi mpaka Ogasiti, nyanja imakhala yolusa. Okutobala madzi amakhala oyera ndi ofunda, mvula isanayambe kukokolola matope m'mitsinje. Pitani m'mawa mphepo isanadzuke. Mtengo wa boti mugwirizane musanakwere, ndipo mufunse ngati magalasi osambirira ndi ma jekete oyandamitsa ali momwemo. Popanda jekete musakwere, ngakhale mnyamatayo alankhule mokoma bwanji.

Muzikumbukiranso kuti malo amenewa ndi paki. Lake Malawi National Park inakhazikitsidwa mu 1980, ndipo mu 1984 a UNESCO anaiika pa mndandanda wa malo ofunika pa dziko lonse, chifukwa cha nsomba zomwezi. Nyanja yathu ili ndi mitundu ya nsomba yambiri kuposa nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere, ndipo yochuluka siipezeka kwina kulikonse. Pali ndalama yolowera, ya Amalawi ndi yotsika kusiyana ndi ya alendo akunja, ndiye tengani chiphaso cha unzika.

Mlamu wa ku Bangwe: Ankolo, mbunazo zimadyedwa?

Ankolo a ku Chembe: Iwe umangoganiza za m'mimba. Madzi ozungulira zilumba za paki, mamita 100 kuchokera pagombe, saloledwa kuphamo nsomba. Ukafuna ndiwo ukagule kampango kapena usipa kwa asodzi m'mudzi.

Koma mayi, mukakhala ndi mwayi muone ichi. Nsomba zimenezi yaikazi imasunga mazira m'kamwa, ndipo ana akaswa amakhalabe momwemo. Mitundu ina mumaipeza yaima penapake, tiana tambirimbiri tili mbwee mozungulira. Mukangosendera, imatsegula kukamwa, tonse n'kuthamangira m'kati, psiti. Mukajambula chimenecho pa vidiyo ndiye mwajambula Tsiku la Amayi lenileni. Pamchenga wa pansi mukaonanso timilu tokhala ndi dzenje pamwamba, si ana asewera ayi, ndi nsomba zazimuna za mitundu ina zimamanga pokopa zazikazi.

Nangozo: Ngakhale nsomba zimamanga kaye nyumba zisanafunsire. Amuna a pa gulu pano mwamva?

Achimwene a ku Namiwawa: Simenti yakwera asisi, tisiyeni.

Wojambula wa ku Chilomoni: Ankolo, nanga za buledi? Anyamata a maboti amafinya buledi m'madzi kuti nsomba ziunjikane. Kwa wojambula n'zokoma mphindi yoyamba yokha. Kenako madzi amadzaza nyenyeswa, chithunzi chimaoneka ngati mwawaza ufa.

Ankolo a ku Chembe: Ine sindizikonda. Nsomba yodya ndere ukuipatsa buledi wa yisiti tsiku ndi tsiku, ubwino wake uli pati? Koma ndikanena kumudzi amati ankolo a m'tauni abwera ndi malamulo. Anyamatawo akufuna mlendo asangalale awapatse kenakake, ndimawamvetsa. Ingoyesani kukhala phee pamwala kwa kanthawi, muone ngati sizibwera popanda buledi.

Chimene ndikupempheni ndi ichi. Pagombe la Chembe anthu amachapa, amatsuka mbale, amasamba, ana amakhala osavala. Ndi pakhomo pa anthu pamenepo. Foni ikakhala m'khosi anthu amaiwala, amangojambula chilichonse n'kuponya pa Facebook. Mukafuna kujambula munthu, pemphani.

Anesi a ku Zingwangwa: Ndilowererepo pang'ono, popeza mukukamba zokhala m'madzi nthawi yaitali. Likodzo liliko kumeneko, tisabisane. Tizilombo take timachokera mu nkhono za m'madzi, timalowa pakhungu munthu osamva kanthu. Zizindikiro zimachedwa, ena amaona magazi mu mkodzo, ena saona kalikonse kwa nthawi yaitali pamene m'kati zikuononga. Mankhwala ake ndi praziquantel, amaperekedwa molingana ndi sikelo ya munthu. Koma kumwa tsiku lomwe mwabwerako n'kutaya mankhwala, chifukwa sapha tizilombo tikadali tating'ono. Dikirani papite masabata 6 mpaka 8, mupite kuchipatala, munene kuti munasamba m'nyanja. Ana omwe.

Ankolo a ku Chembe: Anesi, musathawitse alendo athu. Kuzilumba kumiyala si chimodzimodzi ndi m'mabango.

Anesi a ku Zingwangwa: Chiopsezo n'chochepa kumiyala, inde, koma sichitheratu, ndipo boti mumakwerera pagombe la m'mudzi, mapazi ali m'madzi. Nkhono zina zimakhala pamchenga poyera pomwe, osati m'mabango mokha. Sindikuti asapite, inenso ndimapita. Ndikuti akabwerako asaiwale. China, munthu ukaweramira m'madzi kufuna nsomba suzindikira kuti msana ukupsa. Valani tisheti, ngakhale ife akuda dzuwa la Okutobala la ku Mangochi limatisupula. Ndipo wina akhale woyang'ana ana, osati akulu onse maso pa sikirini.

Make Yankho: Abale ndatsegula. Kamodzi tishu ili gwa, youma bwinobwino. Kachiwiriko kanyowa pakona, kadontho kakang'ono ngati ka ndalama ya 1 kwacha. Ndipo timatumbati n'tofanana, ndagula malo amodzi, paketi imodzimodzi.

Wokonza Mafoni pa Limbe: Mwaona? Ndipo kadontho kameneko kali mu ndowa. Kakanakhala ku Thumbi bwenzi tikukamba zina.

Wojambula wa ku Chilomoni: Mwaona inunso kuti kena kapambana? Kodonthako musakamate ndi selotepi kapena guluu, kabwezeni kapena muzisungiramo makiyi. Kabwinoko mukayesenso usiku woti mawa mukulowa m'madzi, chifukwa m'chikwama pa ulendo kakhoza kubooka ndi chipeso kapena foloko.

Make Yankho: Wogulitsa uja andiona mawa. Koma mtima wanga sukukhazikabe. Mu foni imeneyi muli Airtel Money, Mpamba, manambala a makasitomala, zithunzi za maoda. Ikamira ine ndamira nayo.

Wokonza Mafoni pa Limbe: Apa ndiye mwafika pa mfundo yanga. Funso si lakuti kathumba n'kabwino kapena ayi, funso ndi lakuti mukuikamo chiyani. M'nyumba zambiri muli foni yakale mu dirowa, yosweka pakona kapena ya batire lofooka, koma kamera ikugwira. Imeneyo ndiye ya m'madzi. Simufunika SIM, simufunika bandulo. Yabizinesi itsale m'chipinda kapena m'chikwama chouma pa boti. Mukakakamira kulowa ndi yomweyo, chotsani ma SIM ndi memory card, ndipo manambala ndi zithunzi muzisungiretu ku Google musananyamuke mu Blantyre, pa intaneti yodalirika.

Wojambula wa ku Chilomoni: Foni yakale ndi nzeru, koma isakhale yakale mopitirira. Pansi pa madzi kuwala kumachepa, kamera yofooka imatulutsa zachimbuuzi. Yankho alibe foni yabwinoko?

Make Yankho: Ali nayo, ndinamugulira ndine. Ndiye poti ndi Tsiku la Amayi, ayesedwe chikondi kkkk.

Ankolo a ku Chembe: Chimene simunatchule nonsenu ndi chakuti foni zambiri kumeneko sizifa ndi kudontha, zimangomira. Chingwe cha m'khosi chija chimakoleka pa kapulasitiki kopyapyala, kakathyoka foni imatsetsereka pakati pa miyala, ndipo pa Thumbi pansi pamatsika msanga. Anyamata amayesa kuimirira, nthawi zina amaipeza, nthawi zina ayi. Ena mwa matumbawa amayandama, ena ayi. Yesani mu ndowa momwemo ndi chinthu cholemera ngati foni. Kakamira, mangirirani botolo la pulasitiki lopanda kanthu, lotseka bwino, ku chingwecho. Silioneka bwino pa chithunzi koma limagwira ntchito. Ndipo chingwe chikhale padzanja, osati m'khosi mwa mwana.

Nangozo: Nanga nthunzi? Yanga ija inachita chifunga m'kati ngakhale madzi sanalowe.

Wojambula wa ku Chilomoni: Mumatsekera mpweya wotentha wachinyezi m'kathumba, foni nayo ikutentha, kenako mwamiza m'madzi ozizirirapo. Chinyezi chija chimasanduka timadontho pa pulasitiki, pamaso pa kamera penipeni. Tsekerani m'chipinda kapena pamthunzi, manja ali ouma, mutafinya mpweya wambiri kutuluka. Muikemo kapaketi ka silica gel, tija timapezeka m'mabokosi a nsapato ndi m'zikwama zatsopano tolembedwa kuti osadya. Kakhale kumbuyo, kutali ndi kamera.

Kutentha nakonso ndi mdani. Foni ili mu pulasitiki ilibe popumira. Mukaisiya pa mpando wa boti padzuwa, kamera ili yoyaka, posakhalitsa ilemba kuti yatentha kwambiri n'kuzimitsa kamera yokha. Mukatuluka m'madzi ikulungeni m'thawulo pamthunzi. Ndipo osamangotsegulatsegula pagombe kuti muone zithunzi, ndi pamene mchenga umalowa.

Gogo wa ku Chirimba: Ana inu mukuchulutsa. Ikanyowa muike mu mpunga usiku wonse. Ya mdzukulu wanga inagwera m'bafa, tinaikwirira mu Kilombero, m'mawa inayaka.

Wokonza Mafoni pa Limbe: Agogo, ndi ulemu wonse, mpungawo mukanangophika. Foni imeneyo inayaka chifukwa madzi sanafike pa bodi, kathabwa ka zamagetsi ka m'kati mwa foni, kapena chifukwa munaisiya osaigwira usiku wonse. Mpunga sukoka madzi amene ali m'kati mwa foni, ndipo fumbi lake ndi tizidutswa timalowa pobayira chaja. A Apple analemba okha kuti anthu asamaike foni mu mpunga. Choopsa ndi chakuti foni imatha kuyaka lero, dzimbiri n'kumadya m'kati mwakachetechete, pakatha sabata ziwiri yazima osadzukanso.

Ikalowa madzi chitani izi: zimitsani nthawi yomweyo, osayesa kuona ngati ikugwira. Osaibaya pa chaja, madzi ndi magetsi ndi zimene zimawotcha bodi. Chotsani SIM ndi kathireyi kake, pukutani kunja, igwedezeni pang'ono pobayira chaja pataloza pansi, muiike pamalo podutsa mphepo. Osaiyanika padzuwa, osaiyandikiza pa mbaula, osaipemerera ndi dryer ya ku saluni. Mukafika m'tauni ipititseni kwa wokonza aitsegule aitsuke ndi sipiriti wake wa mafoni. Mwayi wathu ndi wakuti nyanja yathu ilibe mchere. Amene mumapita ku Zanzibar kapena ku magombe a ku Mozambique, madzi amchere amadya bodi mofulumira kwambiri, ndipo kathumba komwe muzikatsuka ndi madzi a pampopi mukatuluka.

Gogo wa ku Chirimba: Kaya. Koma inayaka.

Achimwene a ku Namiwawa: Funso lenileni tsopano. Zithunzi zija theka lili pansi pa madzi, theka kukuoneka phiri ndi boti, amajambula bwanji? Ndimaziona pa Instagram za ma loji.

Wojambula wa ku Chilomoni: Zimenezo amagwiritsa chigalasi chozungulira ngati mbale chotchedwa dome, chimakankhira madzi kutali ndi kamera kuti mzere wa madzi uoneke bwino. Ndi kathumba mukhoza kuchita mwayi madzi akadekha kwambiri, pa vidiyo, koma kawirikawiri mzerewo umangophimba kamera yonse poti galasi la foni n'laling'ono. Ngati mumapita kunyanja pafupipafupi ndipo ndalama zilipo, gulani kamera yake. GoPro zambiri zimalowa mpaka mamita 10 popanda chikuto china. Palinso zikuto zolimba za foni zokhala ndi mabatani ake, zimenezo ndiye zomira nazo zenizeni, koma mtengo wake mukhoza kugula foni ina. Kathumba ka pulasitiki ntchito yake ndi pamwamba, mita imodzi kapena awiri, ndipo mbuna zili pomwepo.

Mlamu wa ku Bangwe: Bwanji tikayesere ku Mulanje Loweruka lino? Dziwe la Nkhalamba lili pafupi, alamu aphunzire kudina voliyumu asanakachite manyazi ku Mangochi.

Wojambula wa ku Chilomoni: Madzi a mtsinje wa Likhubula, pamene pali dziwelo, ndi ozizira kwambiri, chifunga chija ndiye chikachita kunyanya, ndipo pansi pa mathithi pamakhala thovu lokhalokha. Mukajambula miyala basi.

Anesi a ku Zingwangwa: Komanso dziwe limenelo ndi lakuya, miyala yake ndi yoterera. Munthu wopemphera madzi a m'chiuno musamutengere kumeneko. Aphunzirire m'bafa kunyumba, aike supuni pansi azijambula.

Make Yankho: Anesi ndinu nokha mumandikonda pa gulu pano.

Adimini: Amene mupite, zithunzi muzitumiza ngati document, chifukwa WhatsApp imazifinya zikatumizidwa mwachizolowezi, nsomba n'kusanduka madontho. Koma mavidiyo a mphindi zisanu ayi chonde, bandulo yadula. Dulani pokoma pokha.

Nangozo: Make Yankho, za silica gel musavutike. Ndatsegula katoni ya nsapato dzulo, timapaketi tili mbwee, ndimangotaya. Mukamapita kokabweza kathumba kodonthako mudzere pa shopu, ndikusungirani. Mubwere ndi kabotolo kotseka bwino, tikakhala pamphepo timayamwa chinyezi n'kutha mphamvu musanafike ndi pa Liwonde pomwe.

Achimwene a ku Namiwawa: Asisi mundisungireko tiwiri. Ndipo amayi, kathumba kabwinoko munagula shopu iti? Mundiuze ku inbox.

Wokonza Mafoni pa Limbe: Si uja wa mamita 6 uyu?